A Muhiwa ndi Njere za M'phulusa

Loweruka lapitali chinakwana chaka chimwalirireni apongozi anga, a Eliya Muhiwa, koma mpaka lero ndikamva fungo la fodya wabwino ndimakhala tsonga, ngati pali wina amene andifunse kuti ndamva chiyani. Anali bambo ake a mkazi wanga Rozina. Ine ndinabwera kuno kwa Kuntaja kudzakhala chikamwini, ndipo ndinawapeza iwonso ali mkamwini, wa imvi mbuu, amene anakhala pamudzi wa akazi awo zaka zambirimbiri osaiwala kuti dothi limene akupondalo si lawo.

Munda unali wa apongozi aakazi, a Delifa. Mitengo ya mango inalinso ya a Delifa, ngakhale anabzala ndi a Muhiwa. Iwo sankadandaula nazo zimenezi. Ankaseka n'kumanena kuti tsiku limene adzawathamangitse sadzafuna ngolo, chifukwa katundu wawo yense ndi thabwa lopichirapo fodya, kampeni ndi njere za fodya. Thabwa ndi kampeni akanatha kubwereka munthu atawachonderera kwambiri. Njerezo ayi. Anazilandira kwa mayi awo, amene anabwera nazo kuchokera kudziko la Apwitikizi, kuseri kwa phiri la Mulanje, atazimanga pamfundo ya nsalu, nthawi imene anthu a kwawo ankathawa ntchito yokakamiza. A Muhiwa anali kumsana pa ulendo umenewo. Za kwawoko sankakumbukako phiri, mtsinje kapena manda a munthu. Chimene ankachidziwa cha dziko limenelo chinali kukoma kwa fodya ameneyu basi.

Anthu kuno akati fodya amanena chingambwe, chopichira papepala lililonse kapena pakhoko la chimanga. A Muhiwa ankati kumeneko si kusuta koma kutentha tchire m'kamwa. Iwo ankapichira ndudu yonenepa ngati chala chachikulu, ya masamba okhaokha, yopanda pepala, imene azungu amaitcha sigala. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata m'shedi ya mzungu wina cha ku Kabula, amene ankapanga masigala ogulitsa kwa azungu anzake. Shediyo inatsekedwa kalekale, mzunguyo anabwerera kwawo, koma zala za a Muhiwa sizinamve kuti ntchito yatha.

Ankalima mizere yochepa kuseri kwa khola la mbuzi. Masamba ankaumitsa pamthunzi m'chigafa, osati pa utsi ngati fodya wa chikopa amene anthu ena ankapita naye kumsika. Akauma ankawaunjika n'kuwavundika ndi masaka monga timachitira ndi nthochi, ndipo m'mawa uliwonse ankalowetsa dzanja pakati pa muluwo kuti amve kutentha kwake. Kukatentha kwambiri ankaphwasula mulu wonse n'kuyambanso. Popichira ankagawa masamba patatu, ena a m'kati, lina lomangira, ndi limodzi lakunja, losalala, lopanda chibowo ngakhale cha singano. Tsamba lakunjali ankalisankha kwa nthawi yaitali mpaka munthu wowayang'ana ankatopa, kenako ankalidula mokhota ndi kampeni kaja, kulikulunga mopendeketsa, n'kumata kumutu ndi kadontho ka phala la chinangwa. Pogwira ntchito imeneyi sankayankha munthu. Ngakhale a Delifa ankangoika chakudya pambali n'kuchoka.

Kusuta kwawonso kunali ntchito. Sankasuta atadya nsomba kapena tsabola. Sigala ankayamba aigudubuza pafupi ndi khutu kuti amve ngati yauma mopitirira, kenako kuinunkhiza, kenako kuikoka isanayatsidwe. Machesi ankakana, ankati amasiya fungo lawo, choncho wina ankayenera kubwera ndi khala lamoto paphale. Utsi sankaumeza. Ankausunga m'kamwa, maso ali tsinzi, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Ankandiphunzitsa kuti koyambirira kwa sigala kumakuuza za dothi, pakati pamakuuza za mmene masamba anavundikidwira, ndipo kumapeto n'kumene umadziwira ngati wopichira anali munthu woona mtima kapena anabisamo zinyenyeswa. Phulusa linkayenera kukhala loyera ndi lolimba, losagwa msanga. Ine ndinkagwedeza mutu ngati ndikumva, koma kunena zoona m'kamwa mwanga munkangomveka utsi.

Tsiku lina munthu wa m'mudzi mwathu, amene ankaphikira mzungu kufupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, anabwera ndi sigala ya kunja kwa nyanja, yovala kalamba ka pepala lagolide. Bwana wake anamupatsa pa Khirisimasi, ndipo iye anaisunga m'thumba la jekete mpaka atapeza tchuthi. Amuna anasonkhana kudzaona a Muhiwa akuchititsidwa manyazi. Iwo anaisuta theka mwaulemu ndithu, kenako anaizimitsa n'kuing'amba ndi kampeni kuti aone za m'kati. Wophika uja anatsala pang'ono kulira. A Muhiwa anayala masambawo pathabwa n'kunena kuti amene anapichira sigala imeneyi ndi mmisiri weniweni, ndipo atakumana naye angamuvulire chipewa. Anavomera kuti tsamba lakunja linaposa lawo. Koma anati fodyayo wayenda ulendo wautali, wauma, watsala kukongola kokha. Kenako anamupatsa munthuyo sigala yawo kuti apepese nayo, ndipo iye sanadandaulenso.

Akulu a mpingo anawaitanapo kawiri pa nkhani ya fodya. Ulendo woyamba anawayankha kuti sanaonepo munthu atasuta sigala n'kukamenya mkazi wake. Ulendo wachiwiri anangolonjeza kuti Lamulungu sadzasuta kufikira atatuluka m'tchalitchi, ndipo lonjezo limeneli analisunga mpaka imfa, ngakhale pobwerera ankayenda mofulumira kuposa popita. Za ndale sankazikonda. Masiku amenewo aliyense ankakamba za Chitaganya cha maiko atatu, ndipo anyamata obwera ku misonkhano ankafuna kudziwa maganizo awo. Iwo ankangonena kuti anayesapo kupichira masamba a minda itatu m'sigala imodzi, ndipo inapsa mbali imodzi yokha. Akatero ankafunsa ngati pali wina amene angawatengere khala lamoto.

Mdani wawo wamkulu, amenenso anali bwenzi lawo lenileni, anali Che Amidu, Msilamu wa kantini pa Lirangwe. Awiriwa anakhala pabenchi imodzi m'shedi ya mzungu uja, ndipo Che Amidu nawonso sanasiye kulima ndi kupichira. Lachisanu linali la kumzikiti, Lamulungu la kutchalitchi, choncho anatenga Loweruka. Kawiri pamwezi Che Amidu ankasiyira akazi awo kantini, kupalasa njinga mtunda wonse uja, n'kufika kuno thukuta lili kamukamu, masigala awo ali m'kachitini. Pansi pa mango panali timipando tiwiri, ndipo panalibe munthu wina amene ankakhalapo.

Mwambo wawo unali wakuti aliyense atulutse sigala imodzi. Wina wapadera ankazitenga kuseri kwa nyumba n'kumanga ulusi woyera pa imodzi, wakuda pa inzake, kuti eni ake asadziwe ya yani ndi iti. Nditabwera ine pamudzi ntchito imeneyi inakhala yanga. A Muhiwa ankalawa zonse ziwiri, kutsuka m'kamwa ndi madzi pakati, ndipo sanaphonyepo ndi kamodzi komwe. Akafika pa ya Che Amidu ankakwinya nkhope.

"Che Amidu, mwaikamo chiyani umu? Usipa?"

"Sutani bwino achimwene, mukuthamanga nayo."

"Ndikumva palafini. Ndikumva sopo. Ndikakoka kachitatu ndimva kantini yonse ndi mphaka yemwe."

"Wanuyu ndiye wabwino ndithu," Che Amidu ankayankha, akutulutsa utsi mofatsa. "Chowawa ndi mwini wake."

Zinkatero mpaka dzuwa kupendeka, kenako ankadya limodzi, Che Amidu n'kukwera njinga. Nkhuku ya tsiku limenelo ankazinga ndi Che Amidu yemwe, kuti adye nawo ndi mtima umodzi. Mwezi wa Ramadani ukafika, pamene Che Amidu sankasuta masana, a Muhiwa ankakhala ngati mwana wolandidwa chidole. Ankakalipira mbuzi, ankakalipira ine, ndipo ankafunsa tsiku ndi tsiku ngati mwezi sunaoneke.

Pa njere ndiye panalibe chibwenzi. Anthu ambiri anapemphapo, achibale a a Delifa, aphunzitsi a pasukulu, ngakhale mlangizi wa zaulimi amene anachita chidwi ndi tsamba lake. Onse anabwerera chimanjamanja. A Muhiwa ankathyola nsonga za fodya yense asanachite maluwa, kusiya mitengo iwiri yokha, ndipo maluwa ake ankawaveka timatumba ta nsalu kuti asasakanikirane ndi fodya wa anthu ena. Akakolola njere ankazula mapesi onse monga lamulo linkanenera. Njere za fodya ndi zazing'ono ngati fumbi, zokwana munda wonse zimakwana pa supuni ya tiyi, choncho kubisa kwake n'kosavuta. Chaka ndi chaka ankasintha malo, osauza munthu, ngakhale akazi awo. Ananenapo pagulu kuti wa m'nyumba mwawo akadzapatsa munthu njere zimenezi, iwo adzanyamula thabwa lawo n'kuchoka pamudzi. Anthu anaseka, koma iwo sanaseke.

Tsopano ndinene chimene ndinachita ine, pakuti ndi chimene chinandionetsa a Muhiwa enieni. Chinali chaka changa choyamba pachikamwini, ndipo ndinkafunitsitsa kuti anthu aziti Rozina anapeza mwamuna wolimbikira. Tsiku lina apongozi onse awiri anapita kumaliro ku Lunzu. Ine ndinati ndiwadabwitse. Ndinalowa m'chigafa n'kusesa paliponse, kuchotsa ndodo zothyoka ndi nyumba za akangaude. Pakona ndinapeza kamphika kosweka mlomo kodzaza phulusa. Ndinachita chimene aliyense amachita ndi phulusa, ndinakalithira m'chimbudzi kuti lichepetse fungo. Kamphikako ndinakatsuka bwinobwino n'kukavundikira padzuwa.

Sindinadziwe kuti chaka chimenecho a Muhiwa anasakaniza njere zawo zonse ndi phulusa. Maganizo awo anali abwino ndithu. Phulusa limaletsa tizilombo, pofesa njere za fodya timasakaniza ndi phulusa kale, ndipo palibe mbala imene ingabe phulusa. Za mkamwini wakhama ndi zimene sanaziganizire.

Panapita masabata awiri asanazindikire. Inali nthawi ya dzuwa loswa mtengo, pamene anthu amafesa nazale kudimba, ndipo iwo anali atakonza kale mabedi awo. M'mawa wina analowa m'chigafa, anakhalamo kanthawi, n'kutuluka pang'onopang'ono.

"Akamwini, mwasesa bwino muno."

"Zikomo bambo," ndinatero, mtima uli mwaa.

"Kamphika kanali pakona paja?"

"Ndatsuka bambo. Phulusalo ndinakathira kuchimbudzi."

Anayenda mpaka kuchimbudziko, anavula chipewa, n'kuima pakhomo ngati munthu waima pamanda. Rozina ndiye anandinong'oneza chimene ndachita. Ndinathamangira khasu, ndinati ndigumula chimbudzicho ndifufuze. Iwo anandigwira dzanja.

"Musavutike akamwini. Zimene zalowa mmenemo sizingalowenso m'kamwa mwa munthu."

Ndikanakonda akanandimenya. Sanandikalipire tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Mapesi anali atazulidwa kale, kumunda kunalibe ndi mtengo umodzi womwe, ndipo chimene chinatsala cha fodya wa mayi awo chinali timitolo ta masamba ouma m'chigafa. Akatha amenewo ndiye kuti basi. Anasiya kukalipira mbuzi. Anasiya kundifunsa kuti ndamva chiyani. Mabedi kudimba anayamba kumera udzu. Loweruka lotsatira Che Amidu atabwera, a Muhiwa anasuta sigala ya mnzawoyo mpaka kumapeto n'kunena kuti ili bwino. Che Amidu anawayang'ana mwamantha, ndipo tsiku limenelo anabwerera dzuwa likadali pamutu. Ine usiku tulo sindinkatiwona, ndinali wokonzeka kubwerera kwathu ndi manyazi anga.

Mwa mwambo wathu ine ndi apongozi aakazi sitinkayang'anana kapena kulankhulana maso ndi maso. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Rozina mokweza, ine ndili pomwepo. M'mawa wina ndikusema mpini kuseri kwa nkhokwe, ndinamva akulankhula atandifulatira.

"Iwe Rozina, uwauze amuna akowo kuti nkhope yogwa sifesa nazale. Atenge njinga apite ku Lirangwe. Akawauze Che Amidu kuti a Delifa akuti nthawi ija yakwana. Abwere ndi masamba amene sanalowepo m'kantini."

Sindinamve tanthauzo lake, koma ndinapita. Che Amidu atamva uthengawo anavula kofia n'kukanda m'mutu, kenako anati, "Chabwino. Koma munthu uja tikamuuza ndi pakamwa savomera. Amve yekha ndi lilime lake."

Loweruka anafika atamanga kansanza pachala, ali ndi mtolo wa masamba m'malo mwa kachitini. Anati chala chatupa, sangathe kupichira, achimwene awathandize. Masambawo anawatenga m'kanyumba ka kumunda, kumene akazi awo anasungako pang'ono. A Muhiwa anatulutsa thabwa monyinyirika. Anatambasula tsamba loyamba, ndipo ndinaona manja awo akuima. Analikweza kudzuwa n'kuyang'ana mitsempha yake. Analinunkhiza kawiri. Anayang'ana Che Amidu, koma Che Amidu anali kuyang'ana ndege imene inkatsika ku Chileka ngati sanaionepo ndege chibadwire. A Muhiwa anatenga kampeni. Anapichira imodzi ya masamba a mnzawoyo, ina ya masamba awo, n'kundipatsa kuti ndisunge padera, pakuti sigala yongopichira kumene imafuna masiku kuti ikhazikike. Sabata imeneyo inali yaitali kwa tonsefe, ndipo nthawi yofesa inali kutha.

Loweruka linalo ndinamanga ulusi woyera pa ya Che Amidu, wakuda pa ya apongozi. A Delifa anakhala pakhonde akusenda nandolo, chinthu chimene sankachita amunawa akamasuta. Ndinabweretsa khala lamoto. A Muhiwa anayamba ndi ya ulusi woyera. Anakoka, anatsinzina, ndipo nkhope yawo inamasuka koyamba m'masabata onse aja.

"Iyi ndi yanga," anatero. "Imvani kuzuna kwake kumapeto kwa lilime. Palibe kuyabwa pakhosi. Anthu inu simudzamuonanso fodya wotere."

Anatsuka m'kamwa n'kuyatsa ya ulusi wakuda. Anakoka kamodzi, kawiri, katatu. Anabwerera ku yoyamba ija. Anaziika pamodzi n'kuyerekeza phulusa lake. Kenako anandiyang'ana ndi diso limene ndinali nditalisowa.

"Akamwini, mwayambanso. Mwasokoneza. Zonse ziwirizi ndi zanga."

"Iyayi bambo, yoyerayo ndi ya masamba a ku Lirangwe. Munapichira nokha."

"Musandipusitse ine. Lilime langa silinandinamizepo."

"Silinaname ndi lero lomwe, a bambo a Rozina," anatero a Delifa ali pakhonde, osasiya kusenda nandolo. "Fodyayo ndi wanu. Ndinasungitsa."

Anafotokoza mosathamanga, ngati akunena za mtengo wa mchere. Chaka chimene Rozina anabadwa, a Muhiwa anadwala malungo aakulu mpaka anthu anayamba kunong'onezana. A Delifa anaganiza kuti munthuyu akapita, kapena nyumba ikadzapsa, mbewu ya apongozi awo ithera pomwepo. Amayi kuno sasunga mbewu m'nyumba imodzi. Nseula, maungu, mapira, amagawirako mnzawo wa mudzi wina kuti azilima, ndipo chaka cha tsoka amakatengako. A Delifa anachita zomwezo. Anatapa njere pang'ono n'kupatsa Abiti Sumani, akazi a Che Amidu, ndipo anawalumbiritsa onse awiri kuti asadzanene kufikira iwo atatumiza mawu. Kuyambira pamenepo Che Amidu sanalimenso fodya wina.

"Sopo ndi palafini zija munkanena zoona achimwene," anatero Che Amidu, akumasula kansanza pachala chimene chinalibe ndi chilonda chomwe. "Malo ouma okwana fodya yense kwathu ndi m'kantini mokha. Nditaona kuti fungolo likundibisira nkhani, ndinangozisiya choncho. Zaka zonsezi ndakhala ndikumeza chipongwe chanu pa fodya wanu yemwe."

Palibe anaseka. Rozina anaima pakhomo atagwira pakamwa. Tonse tinkakumbukira mawu aja onena za kunyamula thabwa, ndipo a Muhiwa sanali munthu wobweza mawu. Anaiwala sigala pakati pa zala, mpaka phulusa linagwera pathalauza, chinthu chimene sindinachionepo.

"Ndiye kuti zaka zonsezi," anatero motsitsa, "ndakhala ndikutukwana amayi anga."

Che Amidu anapisa m'thumba n'kutulutsa kabokosi ka machesi. Anakagwedeza pang'ono, ndipo munamveka kaphokoso ngati ka mchenga. Sanakapereke. Anakaika pabondo pawo n'kupinda manja. Ndinaona kuti nawonso anali ndi kamtima kawo, ndipo sindingawadzudzule. A Muhiwa anayang'ana kabokosiko nthawi yaitali. Munthu ameneyu anali asanapemphepo kanthu kwa wina aliyense pa nkhani ya fodya, ndipo anabweza anthu ambiri amene anamugwadira. Anaika sigala paphale, anatsika pakampando, ananjuta pamaso pa mnzawoyo n'kuomba m'manja.

"Che Amidu, ndigawireniko mbewu."

"Za eni sindigawa ine," anatero Che Amidu. "Ndikubweza."

A Muhiwa analandira ndi manja awiri. Anatsegula pang'ono, anasuzumiramo, n'kutseka msanga kuopa mphepo. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo sindinachite nayo manyazi. Atabwerera pampando anatembenukira kukhonde.

"A Delifa, munandibera."

"Eya, ndinakuberani."

"Munachita bwino." Anatsokomola pang'ono n'kuloza ine. "Inu akamwini, chigafa changa musadzasesenso mpaka ndife." Kenako analoza Che Amidu, ndipo mawu awo akale anabwerera onse. "Ndipo inu, zoika fodya wa amayi anga pafupi ndi sopo zithe lero. Mulibe manyazi?"

Tinaseka mpaka nkhuku zinathawa. M'mawa mwake, Lamulungu lenilenilo, anafesa nazale asanapite kutchalitchi, ndipo anandilola kunyamula ndowa.

Sindinganene kuti anasanduka munthu wina. Ukali unali womwewo, ndipo Che Amidu sanapume, kungoti tsopano mlandu wawo unali wa kapichiridwe, kuti amamanga kwambiri ngati akumanga mbuzi. Chimene chinasintha ndi chimodzi. Chaka chilichonse akakolola njere ankazigawa patatu, osabisanso. Gawo lina linkapita ku Lirangwe, lina kwa a Delifa, lina ankandipatsa ine m'kabotolo, n'kundiuza pamaso pa anthu kuti ichi si cha kuchimbudzi. Nthabwala imeneyi sanatope nayo, ndipo inenso ndinafika poikonda, chifukwa ndinadziwa kuti ndi mmene ankanenera kuti anandikhululukira.

Chifuwa ndicho chinawatenga, atangomaliza kuvundika masamba a chaka chatha. Rozina amati ndi fodya yemweyo anawapha, ndipo mwina akunena zoona. Sanadwale nthawi yaitali. Masiku omaliza sankatha kusuta, koma ankapempha kuti ndiwabweretsere tsamba limodzi kuchokera pakati pa mulu, n'kumaligwira pamphuno. Anandiuza kuti mulu watentha, ndikauphwasule. Ndinapita kukauphwasula, ndipo pobwerera ndinapeza a Delifa atayamba kulira. Ndimawasowa kwambiri munthu ameneyu, kuposa mmene ndinkaganizira kuti mkamwini angasowere apongozi ake.

Pansi pa mango timipando tiwiri tija tikadalipo. Thabwa lili chotsamira kukhoma la chigafa, lakuda pakati pamene manja awo ankadutsa, ndipo kampeni ndinakasomeka kudenga pamene ankakasomeka. Kangaude wamanga paliponse m'chigafamo, koma sindinasese. Kuseri kwa khola fodya anamera bwino chaka chino, ndipo mitengo iwiri ndinaiveka timatumba ta nsalu monga ankachitira.

Loweruka lapitali Che Amidu anabwera. Akalamba, njinga amaikankha pokwera zitunda. Anakhala pakampando kawo n'kutulutsa masigala awiri m'kachitini, ndipo ine ndinabweretsa khala lamoto paphale. Anayatsa imodzi, anakoka, n'kundipatsa kuti ndilawe ndili chinjutire pambali.

"Mwamva chiyani akamwini?"

"Ili bwino, Che Amidu."

Anapukusa mutu mokhumudwa. "Simudziwa kanthu inu. Muli sopo umu. Muli palafini." Tonse tinkadziwa kuti masamba awo sanalowenso m'kantini chiyambire tsiku lija. Anapukuta m'maso n'kunena kuti ndi utsi.

Sigala inayo anaiika pakampando ka a Muhiwa, pamene thabwa lake linasalala ndi kukhalidwa. Anasuta yawoyo pang'onopang'ono mpaka kumapeto, akuyang'ana kampandoko ngati munthu wodikira yankho. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa mango unafika pakhonde, ndipo panalibe amene anawatukwana.